Kagalu Kamene Anthu Onse Adakakana

Galu wamkazi akaswa, ana ake sabadwa ofanana onse. Pamakhala tina tonenepa ndi tamphamvu timene timayamba kufika pabere, ndipo kawirikawiri pamakhalanso kamodzi kofooka kamene tinzake timakakankhira kumbali. Tiagalu timabadwa tosaona ndi tosamva, ndipo timayamba kupenya patapita pafupifupi milungu iwiri. Masiku onsewo kagalu kamadalira mkaka wa make basi, kotero kamene kachedwa kufika pabere kamaonda tinzake tikunenepa. Ena mwa inu mudaonapo zimene zimachitikira kagalu kotere kumudzi. Anthu ambiri sakalabadira, ndipo ena amangokataya kudzala kapena kumtsinje. Nkhani yathu ndi ya kagalu kotere, kamene kadabadwira ku South Africa m'chaka cha 1885. Iyi si nthano ayi, koma nkhani imene idachitikadi.

Amene adakapulumutsa adali mnyamata wina dzina lake Percy FitzPatrick. Iye adabadwa m'chaka cha 1862 ku King William's Town, tauni imene lero ikutchedwa Qonce. Bambo ake atamwalira mu 1880, Percy adasiya sukulu nayamba ntchito ya ukalaliki pa banki ina ku Cape Town kuti athandize mayi ake ndi abale ake. Ntchito yokhala pansi tsiku lonse sidamukomere, ndipo mu 1884 adanyamuka ulendo wa kum'mawa kwa Transvaal, kumene anthu ankathamangira kukakumba golide. Atayesa ntchito zingapo, adakhazikika pa ntchito yonyamula katundu pa ngolo.

Nthawi imeneyo kudalibe njanji yopita kunyanja, pakuti njanji yochokera ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, kukafika ku Pretoria idatsegulidwa mu 1895. Choncho ufa, shuga, mapiki, mafosholo ndi zonse zofunika kumigodi ya ku Lydenburg ndi ku Barberton zinkayenda pa ngolo zikuluzikulu, ndipo ngolo imodzi inkakokedwa ndi ng'ombe zokwana 16. Njira yake inkadzera m'chigwa chotentha, cha tchire lowirira, mmene mudali mikango, udzudzu wa malungo ndi kashembe, ntchentche imene imapatsa ng'ombe matenda. Pothawa zoopsazi, anthu a ngolo ankayenda m'nyengo yozizira. Amene ankamanga magoli ndi kuyendetsa ng'ombe adali anthu akuda, ndipo wodziwika mwa iwo adali Jim Makokel', Mzulu wamphamvu amene ankagwira ntchito ndi Percy. Pa ulendo wotere ndiwo zinkachokera kutchire. Galu wodziwa kulondola nyama yolasidwa ndi kulonda msasa usiku adali wamtengo wapatali.

Mnzake wina wa Percy, dzina lake Ted, adali ndi galu wamkazi waukali wotchedwa Jess. Ali pa ulendo, Jess adaswa ana asanu ndi mmodzi. Tisanu tidali tonenepa ndi tokongola, ndipo amuna a pamsasapo adatisankhiratu tisadaleke n'kuyamwa komwe. Kachisanu ndi chimodzi kadali kakang'ono, koonda, kamutu waukulu, kosaoneka bwino, mwakuti adakapatsa dzina lachipongwe lotanthauza khoswe. Padamveka maganizo oti kamizidwe m'madzi. Percy, amene adali wamng'ono pagululo ndiponso wopanda galu, adachita nako chifundo nayamba kukasamala. Akaona tinzake takatsekereza kuchakudya, iye ankakapatulira kake. Pokayang'anitsitsa tsiku ndi tsiku adaona chimene anzake sadachione. Kagaluko kankati kakakankhidwa, kakapondedwa, kapena kakalandidwa fupa, sikankalira kapena kuthawa, koma kankadzuka ndi kubwerera pomwepo.

Kenaka padachitika chinthu chimene chidayesa mtima wa mnyamatayu. Munthu amene adasankha kagalu kokongola koposa tonse sadathenso kukatenga, ndipo Ted adauza Percy kuti akhoza kutenga kameneko. Aliyense adaona kuti mwayi wamugwera. Koma Percy atayang'ana kagalu konyozeka kaja, kamene kadali katamuzolowera ndipo kankamutsata paliponse, adalephera kukasiya. Adakana kokongolako, anzake namuseka. Ndipo adakachotsa dzina lachipongwe lija nakatcha Jock.

Kulera kagalu si kukadyetsa kokha. Percy adaphunzitsa Jock kudikira chakudya mpaka atauzidwa kuti adye, kukhala phee pamene mbuye wake akuwenda nyama, ndi kusakhudza nyama yophedwa. Miyezi itapita, kagalu koonda kaja kadasanduka galu wa chifuwa chachikulu ndi nsagwada zolimba, woposa abale ake onse. Pa uzimba sankasiya nyama yolasidwa kufikira mbuye wake atafika. Adalimbanapo ndi nyani wamkulu, ndiponso adalowapo m'madzi kutsata ng'ona. Jim Makokel' ankamukonda kwambiri galuyu chifukwa cha kulimba mtima kwake.

Kulimba mtima komweko ndiko kudamubweretsera tsoka loyamba. Tsiku lina Jock adathamangira ngoma yaikazi yolasidwa, ndipo ngomayo idamumenya ndi chiboda pansi pa nsagwada. Galu adadzuka, koma kuyambira pamenepo ankati akaitanidwa, osatembenuka. Poyamba Percy adaganiza kuti galu wake wayamba mwano. Pambuyo pake adazindikira kuti Jock wagontha, sakumvanso mluzu kapena mawu. Anthu ena akadamuona ngati galu wotha ntchito, koma Percy adapitiriza kuyenda naye, ndipo Jock adaphunzira kuyang'ana nkhope ndi manja a mbuye wake kuti adziwe chofunika kuchita.

Tsoka lachiwiri lidagwera mbuye wake. Pa ulendo wina ng'ombe za Percy zidalumidwa ndi kashembe, ndipo zidayamba kufooka ndi kugwa imodziimodzi mpaka ngolo zidaima. Chuma chake chonse chidathera pomwepo. Adapita kukafuna ntchito ku Barberton atatenga galu wake. Koma moyo wa m'tauni sudamuyenere Jock. Galu wogontha sakadamva ngolo kapena kavalo akubwera kumbuyo kwake, ndipo galu wozolowera tchire sakadakhala womangidwa tsiku lonse. Percy adaona kuti akamuumirira adzamuphetsa. Ndi mtima wowawa adamubwezera kwa Ted kuti akapitirize moyo wa pa ulendo. Pambuyo pake Ted adamusiya kwa Tom Barnett, amene adali ndi sitolo ku Pessene, m'dziko la Mozambique, pa njira ya ku Lourenço Marques.

Kumeneko kudali agalu oyendayenda amene ankaba nkhuku za Barnett usiku. Tsiku lina usiku Barnett adamva nkhuku zikulira, ndipo adatenga mfuti. Mumdimamo adaona galu ataima pakhomo pa khola, ndipo adawombera. Galuyo adagwa, iye nabwerera kukagona, poganiza kuti wathana ndi mbala. Kutacha adapeza agalu awiri akufa. Mmodzi adali wakuba uja, amene adafa ndi mano a galu mnzake. Winayo, amene adafa ndi chipolopolo, adali Jock. Iye adali atatuluka mwakachetechete, napha wakubayo mwini nkhuku asadafike. Barnett sadafune kupha galu amene ankamulondera nkhuku, koma adawombera chinthu chimene sadachione bwino, ndipo chipolopolo chikatuluka sichibwezeka.

Percy sadalipo pamene galu wake ankafa. Adangomva uthenga ali kutali. Kwathu kuno tikamati munthu wafa ngati galu, timatanthauza kuti wafa popanda womulira, chifukwa galu sakhalirwa maliro, ndipo munthu wamkulu amachita manyazi kugwetsa msozi chifukwa cha chiweto. Komabe aliyense amene adaleredwa pamodzi ndi galu akudziwa mmene pakhomo pamakhalira zii galuyo akafa. Munthu umaiwala n'kusunga fupa, kapena umatsegula chitseko m'mawa n'kuyembekezera kuti wina akulumphira. Chisoni cha Percy chiyenera kuti chidali cholemera koposa, popeza ndi iye yemwe adapereka galuyo, ngakhale adatero pomufunira zabwino.

Zaka zidapita. Percy adasamukira ku Johannesburg, adakwatira, adalemera, nakhala munthu wotchuka pa ndale za dziko lake. Koma madzulo ana ake anayi akamapita kogona, nkhani zimene ankawasimbira zidali za Jock. Anawo adaziloweza nkhanizo, kotero kuti bambo awo sakadatha kusintha kanthu popanda iwo kuwakumbutsa. Mnzake wina, mlembi wotchuka Rudyard Kipling, adamulimbikitsa kuti azilembe. Buku lake, lotchedwa Jock of the Bushveld, lidasindikizidwa mu 1907, ndipo zithunzi zake adajambula ndi Edmund Caldwell, amene adachita kupita kutchireko kukaona nyamazo ndi maso ake. Tiyenera kunenanso kuti m'bukumo mudali mawu onyoza anthu akuda, monga ankayankhulira azungu ambiri a nthawi imeneyo, ngakhale kuti popanda anthu onga Jim Makokel' ngolo sizikadayenda. Posindikizanso bukuli m'zaka zapambuyo pake, ena adachotsamo mawu oterowo.

Lero dera lalikulu la tchire limene Jock ankayendamo lili m'nkhalango yotetezedwa ya Kruger National Park, ndipo m'mbali mwa njira yakale ya ngolo adaikamo zizindikiro zomukumbukira. Ku Barberton kuli chiboliboli chake. Za abale ake asanu okongola aja palibe amene amazikamba.

Mwana wachisamba wa Percy, Nugent, mmodzi mwa ana amene ankamvera nkhani za Jock pogona, adafera kunkhondo ku France mu 1917. Nkhondo itatha, Percy adapereka maganizo kwa Mfumu George V ya ku Britain kuti anthu azikhala chete mphindi ziwiri pokumbukira onse amene adafera kunkhondo. Mfumu idavomera, ndipo mwambowu udayamba pa 11 Novembala 1919. Ndi mwambo womwewu umene timauona kuno kwathu mwezi wa Novembala pokumbukira asilikali athu. Percy FitzPatrick adamwalira mu 1931.

MAFUNSO

1. N'chifukwa chiyani kagalu kofooka kamaonda pamene tinzake tikunenepa?
2. Tchulani zoopsa zitatu zimene anthu a ngolo ankakumana nazo m'chigwa.
3. Kodi Percy adaona chiyani mwa kagalu konyozeka chimene anzake sadachione?
4. Fotokozani mmene Jock adagonthera. Nanga atagontha ankamvana bwanji ndi mbuye wake?
5. Kodi Percy adachita bwino kupereka Jock kwa Ted? Perekani zifukwa za yankho lanu.
6. Mukadakhala Tom Barnett usiku umene uja, mukadachita chiyani musadawombere?

MATANTHAUZO A MAWU

Pezani mawu awa m'nkhaniyi, nenani matanthauzo ake, ndipo mupange chiganizo chanuchanu ndi mawu aliwonse: kuswa, kudzala, kashembe, uzimba, kuwenda, chiboda, kugontha, chiboliboli, mwana wachisamba.

MALAMULO A CHIYANKHULO

Tikafuna kuchepetsa chinthu timagwiritsa ntchito mayina a m'gulu la Ka-Ti, monga kagalu ndi tiagalu. Onani kuti mawu ena onse m'chiganizo amatsata dzinalo: Kagalu koonda kadabwerera. Tiagalu toonda tidabwerera.

Sinthani ziganizo izi kuti mayina oyamba akhale a m'gulu la Ka-Ti:

(a) Mbuzi yakuda yalowa m'munda.
(b) Nkhuku zoyera zikulira m'khola.
(c) Mtsinje wathu udaphwa chaka chatha.
(d) Ana anjala akudikira phala.

ZOCHITA

1. Funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu za chakudya choyenera kagalu kamene kasiya kuyamwa, ndi za katemera wa chiwewe. Lembani zimene mwamva ndipo mudzawerengere anzanu.
2. Lembani chimangirizo cha ndime zinayi pa mutu uwu: Chiweto chimene sindidzachiiwala.