KUTETEZA MANJA KU CHISANU POGWIRA NTCHITO ZA KUMUNDA

Nyengo yozizira, kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, ndiyo nyengo imene ntchito za m'madimba zimachuluka m'chigawo chathu chino. Ku Dedza, Ntcheu ndi Angónia alimi amakhala akuthirira mbatata ya kachewere, kabichi ndi anyezi. Ku Mulanje ndi Thyolo antchito amadulira tiyi m'kati mwa chiperoni. Oweta ng'ombe zamkaka amakama kusanache monga mwa masiku onse, ndipo kumapiri a ku Lesotho anyamata amadyetsa nkhosa m'malo amene mumagwa chipale chofewa. Ntchito zonsezi zimagwiridwa ndi manja, ndipo nthawi zambiri manjawo amakhala onyowa.

Pophunzitsa alimi timanena zambiri za kuteteza mbewu ku chisanu, koma za manja a munthu wosamala mbewuzo sitinenapo kanthu. Ambiri amaona kukongwa kwa zala ngati chinthu chongopirira. Komatu zala zokongwa ndizo zimapulumutsa chikwanje, kutaya mankhwala ophera tizilombo ndiponso kulephera kugwira mabuleki a njinga. Cholinga cha phunziro lino ndi kuthandiza alangizi kumvetsa chimene chimaziziritsa manja, kuti alangize alimi njira zimene angakwanitse ndi zinthu zomwe ali nazo kale pakhomo.

Chimene chimachitika m'thupi

Thupi la munthu limayesetsa kusunga kutentha kwa m'kati mwake pa 37°C. Likayamba kuzizidwa limateteza mtima, mapapo ndi ubongo poyamba. Limachita zimenezi pofinya timitsempha ta magazi ta m'zala za kumanja ndi kumapazi, kuti magazi ofunda asapite kukazirala kunsonga. Zala n'zoonda ndipo zilibe mafuta ambiri, motero magazi akangochepa zimazizira msanga. Khungu la zala likazizira kufika pafupifupi 15°C munthu amayamba kulephera ntchito zofuna luso, monga kumanga mfundo, kutsegula botolo kapena kulemba. Likafika pafupifupi 8°C zala zimachita dzanzi, ndipo munthu akhoza kudzicheka osamva kanthu mpaka ataona magazi.

Apa pali mfundo imene alimi ambiri amadabwa nayo akaimva koyamba: njira yoyamba yofunditsira manja ndiyo kufunditsa chifuwa, khosi ndi mutu. Munthu wovala malaya amodzi opyapyala, ngakhale atavala magolovesi abwino, zala zake zidzazizirabe chifukwa thupi likuumira magazi. Wovala juzi, chipewa kapena duku ndi nsalu ya m'khosi angathe kugwira ntchito nthawi yaitali manja ali pamtunda. Zovala ziwiri kapena zitatu zopyapyala zimaposa chovala chimodzi chochindikala, pakuti mpweya wotsala pakati pake umasunga kutentha, komanso munthu amatha kuvula chimodzi akayamba kutuluka thukuta. Thukuta likanyowetsa malaya, munthu akangopuma amazizidwa kuposa poyamba.

Madzi, mphepo ndi malo

M'madera ambiri a Malawi, Zambia ndi Mozambique sikuzizira mpaka kuumitsa mnofu. Chimene chimakongwetsa manja a alimi athu kwenikweni ndi madzi ndi mphepo. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuwirikiza pafupifupi ka 25 poyerekeza ndi mpweya wozizira mofanana. N'chifukwa chake tsiku la chiperoni, lija la mvula yowaza ndi nkhungu yochokera kumwera chakum'mawa, limapweteka zala kuposa m'mawa wachisanu koma wouma. Dzina la chiperoni linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, kumene anthu a kumapiri a kumwera kwa Malawi ankaona kuti mitamboyo imachokera.

Malo nawo ali ndi mbali yake. Pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu akwera, kutentha kumatsika ndi pafupifupi 6°C. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 pomwe Salima ali pa mamita pafupifupi 500, kotero malangizo amene mlimi wa kunyanja angawaseke ndi ofunika kwa mnzake wa kumapiri. Dziko lonse la Lesotho lili pamwamba pa mamita 1,400. Koma ngakhale m'mudzi umodzi muli kusiyana. Mpweya wozizira ndi wolemera, ndipo usiku wopanda mitambo ndi mphepo umatsetsereka kuchoka kumtunda n'kukakhazikika m'madambo, momwemo muli madimba. Nthawi yozizira kwambiri pa tsiku ndi m'mbandakucha, dzuwa litatsala pang'ono kutuluka. Mlimi wolawirira kukathirira amafika pamalo ozizira kwambiri a m'mudzi, pa ola lozizira kwambiri, n'kuviika manja m'madzi.

Kusintha ndondomeko ya ntchito

Chizolowezi chothirira m'mamawa n'choyenera m'miyezi yotentha ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala, pamene dzuwa limaumitsa nthaka msanga. M'mwezi wa Juni ndi Julayi madzi sauma mofulumira chotero, ndipo mlimi wothirira dzuwa litakwera, cha m'ma 9 koloko, sataya madzi ambiri. Ndiponso nthaka yothiriridwa masana imasunga kutentha kwa dzuwa kuposa youma, zimene zimathandiza mbewu usiku wachisanu.

Langizani alimi kuyamba ndi ntchito yolemetsa ndi youma, monga kutipula kapena kukonza mabedi ndi khasu, chifukwa ntchito yotere imatenthetsa thupi lonse. Kuthirira, kutsuka ndiwo zamasamba ndi kuzula udzu wa mame zibwere pambuyo. Ntchito zofuna luso la zala ndi mpeni wakuthwa, monga kumezanitsa mapichesi ndi maapozi, zidikire mpaka kutafunda.

Tisadzinamize kuti mlimi aliyense angathe kusintha nthawi. Ena amalawirira chifukwa chitsime chimadzaza usiku n'kuphwa dzuwa lisanakwere. Ena ali pa sikimu pomwe madzi a m'ngalande amagawidwa mosinthana, ndipo amayi ambiri amafuna kubwerera kunyumba kukaphika. Pa sikimu, nkhaniyi ndi yofunika kupita nayo ku komiti yogawa madzi, kuti okalamba ndi odwaladwala asamapatsidwe ola loyamba m'miyezi iwiriyi. Kwa amene sangachitire mwina, pali zinthu zing'onozing'ono zothandiza. Asadzaze kheni mpaka pakamwa, kuti madzi asakhavukire m'manja ndi m'zovala. Chogwirira chachitsulo achikulunge ndi mphira wa chubu chakutha, pakuti chitsulo chimayamwa kutentha kwa chikhatho kuposa mtengo kapena mphira. Atenge kansalu kouma m'jumbo, ndipo akathira makheni angapo azipukuta manja n'kuwapisa m'khwapa kwa kanthawi.

Kwa wokama mkaka ola silisinthika. Iye asambe m'manja ndi madzi ofunda ndi sopo, apukute bwino, ndipo akame mosadukiza, chifukwa ng'ombe imatsitsa mkaka kwa mphindi zisanu mpaka zisanu ndi zitatu zokha. Zala zouma ndi chisanu zimachedwa, ndipo mkaka wina umatsala m'bere. Khungu likang'ambika ndi kuzizira, m'ming'alumo mumabisala tizilombo toyambitsa matenda otupitsa bere. Kudzola Vaseline kapena mafuta ena okhathamira madzulo, ntchito itatha, kumateteza ming'alu yotereyi.

Za magolovesi

Magolovesi othina amaletsa magazi kuyenda, ndipo onyowa amaziziritsa kuposa kukhala opanda. Amene angakwanitse akhale ndi mapeyala awiri, kuti ena akanyowa avale ouma. Ubweya wa nkhosa umafundabe ngakhale utanyowa pang'ono, pomwe thonje likanyowa silisunganso kutentha. Chovala cha m'manja chimene zala zinayi zimakhala pamodzi chimafunda kuposa chija cholekanitsa chala chilichonse, motero m'busa wa ziweto kapena mlonda akhoza kuvala masokosi aubweya akutha m'manja, ataboola potulukira chala chachikulu. Ogwira ntchito yolemba zotsatira m'minda ya kafukufuku adule nsonga za zala zitatu za magolovesi akale kuti athe kugwira pensulo. Pantchito ya m'madzi, magolovesi amphira okulirapo ovalidwa pamwamba pa ena opyapyala ansalu amathandiza kwambiri.

Pali malo awiri amene magolovesi ofunditsa ndi oopsa. Oyamba ndi pafupi ndi makina ozungulira monga lamba wa chigayo, makina otong'olera chimanga ndi odulira udzu wa ziweto. Makina akakoka nsalu amakoka ndi dzanja lomwe. Achiwiri ndi posakaniza kapena kupopera mankhwala ophera tizilombo. Nsalu, ubweya ndi chikopa zimamwa mankhwala n'kuwasunga pakhungu tsiku lonse. Pantchito imeneyi pamafunika magolovesi amphira opangidwira mankhwala, opanda nsalu m'kati, ofika pafupi ndi chigongono. Magolovesi oterewa safunda, ndipo mlimi wokongwa amakopeka kuvala aubweya m'malo mwake kapena kuvula onse kuti atsegule botolo. Mankhwala asakanizidwe dzuwa litatuluka, mame atauma, zala zili zomasuka, koma mphepo ya masana isanayambe.

Kufunditsa manja okongwa

Njira yosaopsa ndiyo kupisa manja m'khwapa kapena pamimba, kuzunguza mikono ngati mphero kuti magazi afike kunsonga, kapena kuwaviika m'madzi ofunda pang'ono, a 37°C mpaka 39°C. Popanda choyezera, munthu wina wosakongwa ayese madziwo ndi chigongono; akhale onga osambitsira khanda.

Kuwotha moto ndi chizolowezi chathu, ndipo palibe mlangizi amene angachithetse. Choyenera kunena ndi chakuti dzanja ladzanzi limapsa mwini wake osamva. Lifundire kaye m'khwapa, kenako liwothe patali. Anthu amene anadwalapo khate ndi odwala matenda a shuga ambiri samva bwino m'manja ndi m'mapazi ngakhale kutakhala kotentha, ndipo odwala khunyu sayenera kuwotha moto ali okha. Kufunditsa zala mwadzidzidzi pamoto kumayambitsanso timatuza tofiira toyabwa kuseri kwa zala, timene timatenga sabata imodzi mpaka atatu kuti tipole. Alonda a m'madimba achenjezedwe kuti mbaula ya makala m'kanyumba kotseka imatulutsa mpweya wapoizoni wopanda fungo, umene umapha munthu ali m'tulo.

Kachasu amanyenga. Amatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumva kufunda, pomwe kutentha kwa m'kati kukutayika msanga. Fodya amafinya mitsempha ya m'zala imene yafinyika kale. Chothandizadi ndi chakudya: phala, mbatata yowotcha kapena tiyi wa shuga munthu asanapite kumunda, popeza thupi lopanda chakudya lilibe nkhuni zosonkhezera.

Pali zizindikiro zofunika chipatala. Zala zikayera, kuuma gwa ndi kusamva kanthu, monga zimachitikira abusa a kumapiri a ku Lesotho, zisatikitidwe ndiponso zisawotchedwe pamoto. Anthu ena, makamaka amayi, zala zawo zimayera mbee pakangozizira pang'ono, kenako zimada, n'kudzafiira ndi ululu magazi akabwerera. Vutoli analifotokoza dokotala wa ku France, Maurice Raynaud, m'chaka cha 1862, ndipo limagwiranso amene agwira nthawi yaitali makina onjenjemera monga ochekera mitengo. Choopsa koposa ndi pamene thupi lonse lazizira kutsika pa 35°C. Munthu amanjenjemera kwambiri, amayankhula mosamveka ndi kudzandira ngati woledzera. Mumvule zonyowa, mumfunditse ndi zouma kuyambira pachifuwa, mumpatse chakumwa chofunda ngati akutha kumeza, ndipo mupite naye kuchipatala. Ana oweta ziweto amafika pamenepa msanga kuposa akuluakulu chifukwa matupi awo ndi aang'ono.

Mlangizi mwini wake

Mlangizi wopita kumsonkhano wa m'mawa pa njinga yamoto amadzipangira yekha mphepo. Malinga ndi kawerengedwe kamene a zanyengo a ku Canada ndi United States anayamba kugwiritsa ntchito m'chaka cha 2001, kunja kukakhala 5°C, mphepo ya liwiro la makilomita 40 pa ola imaziziritsa khungu ngati kuli -1°C. Zala zomwezo ndizo zimagwira buleki ndi kilatchi. Valani magolovesi osalowa mphepo otseka mpaka pamkono, ndipo zala zikayamba dzanzi imani, mutsike, muzifunditse. Misonkhano ndi zionetsero za m'miyezi iwiriyi muziike dzuwa litakwera, pamalo otetezeka ku mphepo, poganizira amayi obwera ndi ana kumsana.

Pophunzitsa mutu umenewu, chionetsero chimamveka kuposa mau. Tungani ndowa ya madzi ozizira ogona panja. Sankhani alimi atatu kapena anayi athanzi, kupatula odwala mtima, othamanga magazi ndi aja zala zawo zimayera. Aliyense atole njere 20 za mapira imodziimodzi n'kuika m'kapu, mnzake akuwerenga nthawi. Kenako aviike dzanjalo m'madzi kwa mphindi zitatu, atolenso njere 20, ndipo nthawi ziwirizo zilembedwe poonekera. Mukatero afunseni alimi kuti atchule ntchito za m'dimba mwawo zimene amazigwira ndi mpeni kapena botolo la mankhwala dzuwa lisanatuluke, ndipo mugwirizane nawo ola latsopano la ntchito iliyonse.