Kodi Adzukulu Ayamba Kunyada?

FUNSO: Bambo Mlangizi, ine ndine nkhalamba ya ku Rimuka mu Kadoma ku Zimbabwe, mwana wa mtchona amene adakumba golide pa mgodi wa Cam and Motor. Adzukulu anga amakana nyama yogulitsidwa m'mbali mwa msewu, ndipo sagula mkaka asanaone tsiku lolembedwa papaketi. Kodi kumeneku si kunyada?

YANKHO: Agogo, si kunyada ayi. M'chaka cha 2008, pamene ndalama idasanduka mapepala achabe, masitolo nakhala pululu, munthu ankangofunsa chimene adye, osafunsa kumene chachokera. Koma dola ya ku America italoledwa mu 2009, katundu nabwerera m'masitolo, mitima idapeza mpata wolingalira za kolera amene adapulula anthu ku Chegutu mu Disembala 2008, madzi akumwa atasakanikirana ndi zonyansa za m'zimbudzi. N'chifukwa chake adzukulu anu amasamala chonchi; paja chakudza sichiimba ng'oma.

Komabe chimene ine ndimaopa koposa nyamayo ndicho nsomba za m'mitsinje yozungulira Kadoma ndi Chakari, kumene okumba golide amagwiritsa ntchito mekyule polekanitsa golide ku miyala yopera, pakuti poizoni ameneyu amakhazikika m'mnofu wa nsomba, ndipo sachoka ngakhale mutaziphika kapena kuziwamba chotani.