Chamba, Lamulo ndi Ana Athu

Mu 2020 Nyumba ya Malamulo idavomereza ulimi wa chamba chopangira mankhwala ndi katundu wa m'mafakitale, kwa okhawo ali ndi chiphaso. Kusuta kudakali mlandu. Katekisimu wa Mpingo Wakatolika, ndime 2291, nayenso amalola mankhwala ozunguza bongo pochiza matenda basi. Kupyola apo ndi tchimo lalikulu.

Komabe amene akufuna lamulo lifewe ali ndi funso lotilasa mtima. Mnyamata wogwidwa ndi kandudu kamodzi akatsekeredwa ku Chichiri kapena ku Maula, amatulukako atasiya? Sukulu yamupita, olemba ntchito akumukana, pomwe wogulitsa chamba m'matumba akungoyenda mwaufulu. Mnyamatayotu tidamubatiza ife tomwe.

Ku Mphakati sabata ino tikambirane: mwana wotere akatuluka kundende, timamulandira bwanji?