Sikelo ya ku Lirangwe: mankhwala a schizophrenia akakanika, timayeza bwanji?

Sabata yatha, tikuphunzira ma moments mu Folomu 3 kuno ku Chileka, ndinakoleka rula ya mita imodzi pamsomali, mwala mbali ino, makobidi mbali inayo. Mtsikana wina wa kumbuyo anakweza mkono. "Sala, zimenezi tidzazigwiritsa ntchito pati?" Ndinamuuza za sikelo ya mavenda a chimanga, belu n'kulira. Yankho lina ndinalisunga, ndipo ndi limene ndikulemba lero.

Achimwene anga aakulu amakhala kwathu ku Lirangwe ndi amayi. Anandilola kulemba izi, bola ndisatchule dzina. Anayamba kudwala ali ndi zaka 22. Poyamba anangosiya kugona. Kenako anayamba kumva mawu a anthu amene ife sitimawamva, n'kukhulupirira kuti wailesi ikunena za iwo. Matendawa dzina lake ndi schizophrenia. Mu 2022 bungwe la WHO linati padziko lonse amagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 300, ndipo nthawi zambiri amayamba munthu akumaliza unyamata kapena ali m'zaka za m'ma 20. Kumudzi anthu anati awalodza, ena anati ndi chamba. Chamba chimawonjezeradi chiopsezo, koma achimwene sanasutepo. Awo ndi fodya wa chingambwe basi. Fodyayo mumukumbukire, tibwereranso.

Ine ndine mphunzitsi wa fizikisi. Wina asasinthe mankhwala a m'bale wake chifukwa cha nkhani ino ayi. Ndikufuna muone mmene sayansi imayezera zinthu ziwiri zolemera.

Mu bayoloje munaphunzira kuti maselo a ubongo sakhudzana. Pakati pawo pali kampata kotchedwa synapse, ndipo uthenga umawoloka ponyamulidwa ndi makemikolo. Imodzi mwa makemikolowo ndi dopamine, imene mwa ntchito zake imauza ubongo kuti "ichi n'chofunika, tchera khutu". Mwa odwala ambiri a schizophrenia, dopamine imachuluka m'njira imodzi ya ubongo, ndiye chilichonse chimaoneka chofunika: galimoto yodutsa pa M1, mawu a pawailesi, mnzako akatsokomola. Mankhwala oyamba kuthandiza anali chlorpromazine, amene madokotala Jean Delay ndi Pierre Deniker anawayesa pa odwala ku Paris mu 1952. Haloperidol anapangidwa ku Belgium mu 1958. Onsewa amatseka timakomo tolandirira dopamine totchedwa D2. Mpaka lero ndi amene amadziwika kwambiri m'zipatala zathu. Chlorpromazine anamwino amangomutcha CPZ.

Vuto ndi loti dopamine yomweyo ndi imene imafewetsa kayendedwe ka thupi, kudzera m'njira ina ya ubongo. Piritsi silisankha njira. Akatswiri atajambula ubongo ndi makina a PET (iyi ndi fizikisi yathu yomwe ija, ya ma isotope otulutsa ma positron), anapeza kuti mankhwalawa amayamba kuthandiza akatseka timakomo pafupifupi 65 mwa 100 tilitonse, koma akafika cha m'ma 80 thupi limayamba kuuma ndi kunjenjemera. Mwaonatu kuchepa kwa mpatawo. Kuchepetsa pang'ono, mawu aja abwerera. Kuwonjezera pang'ono, munthu auma ngati mtengo.

Ife tinaziona ndi maso. CPZ ankawagonetsa mpaka dzuwa kufika pamutu, akadzuka chizungulire. Atawasinthira ku haloperidol, tsiku lachitatu khosi linapindika, maso n'kuyang'ana kumwamba. Amalume anati ziwanda zalusa, tipite kwa asing'anga. Anamwino anawabaya jakisoni, pasanathe ola khosi linawongoka, n'kuwawonjezera benzhexol, amene ambiri amamudziwa kuti Artane. Koma achimwene anali ataona zokwanira. Patapita miyezi, amayi akukonza denga la kitchini, anapeza mapiritsi ambirimbiri atasomekedwa mu udzu.

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi phunziro la ku labu lenileni. Babu likapanda kuyaka, simuthamangira kunena kuti lapsa. Mumayamba mwaona ngati batire ili ndi moto, ngati waya sanaduke. Madokotala nawo sanena kuti matenda "akana mankhwala" mpaka wodwala atalandira mitundu iwiri yosiyana, uliwonse pa mlingo wokwanira, kwa masabata osachepera 6, ndipo pali umboni woti mankhwalawo analowadi m'thupi. Kwathu kuno waya amaduka m'malo ambiri. Wodwala amalavula piritsi chifukwa likumuzunza. Mwezi wina mupita kuchipatala n'kuuzidwa kuti mankhwala atha. Mwezi wina ndalama ya minibasi palibe. Wina akumwa mankhwala a khunyu a carbamazepine kapena a TB a rifampicin, amene amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena. Ambiri amene timati mankhwala anawakanika, sanalandirepo mankhwala mokwanira ndi kamodzi komwe.

Choncho zaka ziwiri zoyamba zija sitinaziwerengere. Adokotala anayambiranso ndi jakisoni wa fluphenazine, wobaya pamwezi, amene amasungunuka pang'onopang'ono mumnofu. Ameneyo sungamubise mu udzu. Mantha anachepa, mawu sanachoke. Kenako risperidone, amayi ataima pomwepo ndi kapu ya madzi usiku uliwonse, miyezi inayi. Thupi silinaume kwambiri, koma ananenepa, ndipo mawu anali pomwepo. Apa tsopano kuyesako kunali koona. Odwala pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse amathera m'gulu limeneli, ndipo zikuoneka kuti mwa ambiri a iwo vuto silikhala pa kuchuluka kwa dopamine. N'chifukwa chake kumangowonjezera mlingo wa mankhwala omwewo kumabweretsa kuuma kokha.

Dokotala wa matenda a maganizo amene tinakumana naye m'tauni anatchula dzina limodzi: clozapine.

Mbiri ya mankhwala amenewa ndi yachilendo. Anapangidwa ku Switzerland mu 1958 ndi kampani ya Wander. Mu 1975 ku Finland, odwala 16 amene ankawamwa anatha maselo oyera a magazi otchedwa ma neutrophil, ndipo 8 anamwalira ndi matenda amene thupi likanatha kulimbana nawo. Maiko ambiri anawasiya. Koma madokotala ena anaona kuti odwala amene anachira ndi clozapine akubwerera m'mavuto, ndipo palibe china chikuwathandiza. Mu 1988 John Kane ndi anzake ku America anafalitsa kafukufuku wa odwala 268 amene mankhwala ena anawakanika. Patatha masabata 6, mwa omwe analandira clozapine 30 pa 100 anapeza bwino. Mwa omwe analandira chlorpromazine, 4 okha. Mpaka lero palibe mankhwala ena amene aonetsa mphamvu yotere pa gulu ili. Amachepetsanso chiopsezo chodzipha, ndipo saumitsa thupi ngati haloperidol, chifukwa amagwira D2 mopepuka n'kusiya msanga. WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira.

Imeneyo ndi mbali imodzi ya rula. Mbali inayo si yopepuka. Kutha kwa maselo oyera kuja kumagwera pafupifupi munthu mmodzi mwa 100, makamaka m'masabata 18 oyamba. Palinso tulo, dovu lonyowetsa pilo usiku, kunenepa ndi shuga, kugunda kwa mtima mothamanga, kutupa kwa mnofu wa mtima m'masabata oyamba, ndi kugwa ngati wakhunyu mlingo ukakwera. Ndipo pali kudzimbidwa. Musaseke, matumbo amatha kuima kotheratu, ndipo anthu amafa nako.

Mukukumbukira kuti moment ndi mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda? Mwala womwewo ukauika kutali ndi msomali umapendeketsa rula kwambiri. Chiopsezo cha clozapine nacho chimalemera malinga ndi mtunda wochokera pakhomo panu kukafika pa makina owerenga maselo a magazi. Ku Britain wodwala amayezetsa magazi sabata iliyonse kwa masabata 18, kenako pa masabata awiri aliwonse mpaka chaka chithe, kenako pamwezi. Maselo akayamba kutsika amaziona msanga, n'kusiya mankhwala munthu asanadwale. Kwa munthu wa ku London zimenezi ndi basi imodzi. Kwa achimwene ndi minibasi kuchoka pa Lirangwe, kudutsa Lunzu, kulowa m'tauni, ndi womuperekeza, kupita ndi kubwera, ka 18. Clozapine si mankhwala oyambira pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Amafuna katswiri ngati a ku Zomba Mental Hospital, ku Gulupu, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe, komanso chitsimikizo choti sadzatha pakati pa mwezi.

Za kutha pakati pa mwezizo, a Folomu 4 tengani cholembera. Half-life ya clozapine m'thupi ndi maola pafupifupi 12. Munthu akaphonya masiku awiri, ndi maola 48, ma half-life anayi: theka, kota, gawo limodzi mwa 8, gawo limodzi mwa 16. Thupi limakhala litaiwala mankhwalawo. Akangomwa mlingo wake wakale, BP imatha kutsika mpaka kukomoka. Ayenera kuyambiranso pansi, pa 12.5 mg, n'kumakwera pang'onopang'ono.

Pali zina zitatu zimene buku lolembedwa ku Ulaya silingakuuzeni mokwanira. Choyamba, kuno kutentha thupi timangoti malungo, n'kumwa panado kudikira mawa. Kwa womwa clozapine, kutentha thupi kapena zilonda zapakhosi ndi nkhani ya kuyezetsa magazi tsiku lomwelo. Chachiwiri, Bactrim, amene ambiri omwa ma ARV amamwa tsiku ndi tsiku, ndi carbamazepine uja, nawo amatha kutsitsa maselo oyera, choncho dokotala ayenera kudziwa chilichonse chimene munthu akumwa.

Chachitatu ndi chimene chinandisangalatsa ine monga munthu wa zoyezayeza. Ambiri a ife akuda a kuno ku Africa tilibe kapuloteni kotchedwa Duffy pa maselo athu ofiira. Kusowa kwake kumatiteteza ku malungo a mtundu wa vivax (athu ovuta aja ndi falciparum, amenewo satisiya). Koma anthu opanda Duffy amakhalanso ndi ma neutrophil ochepa m'magazi oyezedwa, ali bwinobwino, osadwaladwala. Malire a "magazi abwino" anayamba kuikidwa poyeza azungu, ndiye kwa zaka zambiri odwala akuda ku Britain ndi America ankakanizidwa clozapine kapena kusiyitsidwa popanda chifukwa. Maiko amenewo anadzaika malire ena otsikirapo a anthu otere. Ndi zero error yomwe ija ya pa micrometer: usanayambe kuyeza, dziwa pamene chida chako chikuyambira. N'chifukwa chake magazi amayezedwa munthu asanamwe piritsi loyamba.

Nanga chingambwe chija? Utsi wa fodya umafulumizitsa chiwindi kuphwanya clozapine. Wosuta amafunika mlingo wokwererapo, ndipo akasiya mwadzidzidzi osauza dokotala, mankhwala amachuluka m'magazi mpaka kumugwetsa. Amayi, amene akhala akulimbana ndi fodya ameneyu zaka khumi, anadabwa kumva dokotala akunena kuti kusiya n'kwabwino, koma tisiyire limodzi, mlingo ukutsitsidwa.

Loweruka lapitalo tinakhala pakhonde, amayi, amalume, achimwene ndi ine. Ndinabwera ndi pepala langa la manambala, 30 mbali ino, 1 mbali inayo, ndi mtengo wa minibasi kuchulukitsa ndi 18. Amalume anati munthu wayamba kale kudekha, tikumufuniranji za magazi. Amayi sanayankhule. Ndinali nditaiwala kuti pa sikelo imeneyi pali katundu amene woyeza wake ndi mwini thupi yekha.

"Iwe ukuwerenga za kufa," anatero achimwene. "Ine mawuwa amandidzutsa fili koloko usiku uliwonse, chaka cha khumi ndi chimodzi chino. Dovu ndilipirira. Koma akandigonetsa ngati CPZ uja, osatha kukonza njinga ngakhale imodzi, ndikuuziratu, ndidzasiya."

"Mukafuna kusiya, achimwene, mudzatiuze kaye. Osati mu udzu."

Anaseka. Tinagwirizana kuti tidikire amayi agulitse nandolo, ndalama ya maulendo onse 18 ikhale pambali tisanayambe, ndipo mlingo waukulu tikapemphe kuti uzikhala wa usiku. Nambala ya wanjinga yamoto wa pa Lirangwe tailemba pachitseko, ya tsiku limene thupi lingatenthe. Lachiwiri likubwerali ndikuwaperekeza kukayezetsa magazi oyamba, ndiye a Folomu 3 East phunziro lanu lasunthira Lachinayi. Mubwere ndi marula anu.