MPWEYA WOSAONEKA UMENE UDAPHULITSA NDOWA YA AMALUME

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ine phulalo ndidalidya pa tchuthi chapitachi kwathu ku Makanjira, ndipo ndafuna ndikusimbireni anzanga a pano pa seminale, ansembe athu ndi inu makolo, kuti pasadzapezeke wina wodzalidyanso. Nkhani yake ndi ya mpweya wotchedwa haidrojeni, umene suoneka ndi maso komanso sununkha, koma umaphulika ukakumana ndi moto.

SIMBI YA AGOGO

Malemu agogo anga aamuna anali telala. Adasiya simbi ya makala, ija yolemera ya chitsulo chochita kuthira m'chikombole chitasungunuka. Kwathu nkunyanja, ndipo chitsulo chikangogonera pachinyezi sichichedwa kuchita dzimbiri. Simbiyo idafiira yonse mpaka chitseko chake chidakana kutseguka. Agogo aakazi ankaiyang'ana ndi chisoni chifukwa ndi chokhacho chimene chidatsala pa zipangizo za amuna awo.

Ine ndidawauza monyadira kuti, "Agogo, musadandaule. Kusukulu tidaphunzira njira yochotsera dzimbiri ndi magetsi."

Iwo adaseka nati, "Mdzukulu wanga, magetsi ndi madzi zidagwirizana liti? Kaya, poti ophunzira ndinu."

KODI NJIRAYI IMAYENDA BWANJI?

Njirayi dzina lake ndi electrolysis, kutanthauza kugawa chinthu ndi mphamvu ya magetsi. Madzi amene timamwawa adapangidwa ndi zinthu ziwiri: haidrojeni ndi okosijeni. Magetsi akadutsa m'madzi, ziwirizi zimalekana nkutuluka ngati mpweya. Adayamba kuonetsa zimenezi ndi William Nicholson ndi Anthony Carlisle ku London mu 1800, pogwiritsa ntchito batire limene Alessandro Volta anali atangolipanga kumene. Dzina loti electrolysis adalifalitsa ndi Michael Faraday mu 1834.

Pochotsa dzimbiri pamafunika ndowa ya pulasitiki, madzi, soda, ndi magetsi a ma volt 12. Chitsulo chofuna kuyeretsacho amachilumikiza ku waya wakuda, mbali ya batire yolembedwa chizindikiro chochotsera. Chitsulo china chachabechabe amachilumikiza ku waya wofiira, mbali ya chizindikiro chophatikiza. Zonse ziwiri zimamira m'madzi koma siziyenera kukhudzana. Pa chitsulo choyeretsedwacho pamatuluka tithovu ta haidrojeni timene timasendeza dzimbiri, ndipo lina limasanduka lakuda nkumachoka ndi burashi. Pa chitsulo chinacho pamatuluka okosijeni, ndipo icho chimadyeka pang'onopang'ono.

Zonsezi ndinkazidziwa bwino, ndipo pamayeso ndidakhoza. Funso limene sindidadzifunse ndi lakuti: kodi mpweya ukatuluka m'madzimo umapita kuti?

CHIMENE CHIDACHITIKA

Amalume anga amatchaja mabatire ndi sola m'kanyumba kamalata kuseri kwa nyumba. Ambiri mwa mabatirewo ndi a asodzi, amene amayatsira nyale pokopa usipa usiku. Tsiku limenelo amalume anali atapita kumaliro kumudzi wina. Ndidatenga batire limodzi osapempha, ndidathira madzi ndi soda mu ndowa ya malita 20, ndidamizamo simbi ndi chidutswa cha khasu lakale, nkulumikiza mawaya. Tithovu tidayamba kutuluka ndipo mtima wanga udadzala chimwemwe. Poopa kuti nkhuku kapena ana angamwe madziwo, ndidavindikira ndowa ija, ndidasanjika njerwa pamwamba, nkutseka chitseko.

Patapita maola awiri ndidabwerera ndi mlongo wanga wamng'ono wa zaka 7 kuti ndimuonetse zodabwitsa. Ndidachotsa njerwa, ndidatukula chivindikiro pang'ono, kenaka ndidakoka waya umene udaluma pa khasu lija, batire likadali lolumikizidwa. Padathetheka kamoto kakang'ono kwambiri. Nthawi yomweyo phuu! Chivindikiro chidauluka nkukamenya malata, madzi a soda adandithira kumaso, ndowa idang'aluka, ndipo m'makutu mwanga mudalira mpaka madzulo. Mlongo wanga adali pakhomo, ndiye adangonyowa diresi nkuthawa akulira. Akadaweramira mu ndowa muja monga momwe ndinkafunira, sindidziwa kuti lero ndikadalemba zotani.

Amai adandisambitsa m'maso ndi madzi ambirimbiri. Amalume atabwera adaima pakhomo pa kanyumbako nthawi yaitali. Kenaka adati, "Mphwanga, wawaona mabatire enawa? Akadagwirako moto umenewu, m'maso mwako mukadalowa asidi, osati soda. Ndipo chipatala chachikulu chili ku boma, makilomita pafupifupi 100 kuchokera pano. Ukadafika uli ndi maso?" Ndidangoti, "Pepani amalume, ndalakwa."

TIWERENGERE LIMODZI

Titatsegulira sukulu ndidakafotokozera aphunzitsi athu a sayansi, ndipo tidakhala pansi kuwerengera. Haidrojeni ndiye mpweya wopepuka kuposa wina uliwonse. Amapepuka pafupifupi ka 14 kuyerekeza ndi mpweya umene timapumawu. Henry Cavendish, amene adamufotokoza bwino mu 1766, adaona kale kuti ndi mpweya woyaka msanga. Akasakanikirana ndi mpweya wamba, amatha kuyaka kuyambira pamene wafika magawo 4 pa 100 aliwonse mpaka magawo 75. Kuti ayake sipafunika machesi ai. Kamoto kothetheka pa waya nkokwanira.

Tsono taonani masamu ake. Magetsi a amp imodzi akayenda m'madzi kwa ola limodzi, amatulutsa haidrojeni wopitirira pang'ono malita 0.4, ndiponso okosijeni theka la muyeso umenewo. Tiyerekeze kuti mu ndowa yanga munkayenda ma amp 5. Ndiye kuti pa ola limodzi munkatuluka malita 2 a haidrojeni. Madzi anali malita 15, kotero pansi pa chivindikiro padatsala malo a malita 5 okha. Magawo 4 pa 100 a malita 5 ndi malita 0.2 basi. Muyeso umenewu udakwana pa mphindi 6 zokha! Ine ndidasiya ndowayo kwa maola awiri, ndipo okosijeni, amene amakoleza moto, ankaunjikana momwemo. Kunena zoona, ndidapanga bomba ndi manja anga nkulivindikira ndekha.

Apa pali phunziro lalikulu. Ndowa yomweyo ikadakhala panja, yosavindikira, haidrojeni akadakwera m'mwamba nkumwazika ndi mwera. Ngozi imabwera zinthu ziwiri zikakumana: mpweya wotsekeredwa ndi kamoto. Chotsanipo chimodzi, kuphulika kulibe. Koma chenjeraninso ndi thovu loyandama pamwamba pa madzi, chifukwa nalo limasunga mpweya wa mitundu iwiri ija ndipo limatha kuthetheka ngakhale ndowa ili yosavindikira.

Dziko lidaona ukali wa haidrojeni pa 6 Meyi 1937, pamene chombo chachikulu chouluka cha ku Germany chotchedwa Hindenburg, chimene ankachiulutsa ndi mpweya umenewu, chidayaka potera ku Lakehurst m'dziko la America. Anthu 36 adafa.

BATIRE NALO NDI NDOWA YOVINDIKIRA

Wina anganene kuti, "Ine sindidzayeretsa simbi, ndiye sizindikhudza." Ai ndithu, zikukukhudzani. M'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja, batire la galimoto kapena la sola limapezeka m'nyumba, loyatsira nyale, wailesi ndi kutchajira mafoni. Batire la ma volt 12 lili ndi tizipinda 6, ndipo m'kachipinda kalikonse muli madzi osakaniza ndi asidi. Likamatchajidwa, makamaka pamene ladzaza koma magetsi akulowabe, madziwo amagawikanso chimodzimodzi ngati mu ndowa yanga. Kubwatabwata kumene mumamva m'batire ndi haidrojeni ndi okosijeni akutuluka. Nchifukwa chake madzi amachepa ndipo amafunika kuwonjezera. Batire likaphulika limamwaza asidi ndi zidutswa za pulasitiki, ndipo kawirikawiri zimalunjika kumaso kwa munthu amene waweramirapo.

Ndaonapo anthu akuyesa ngati batire lili ndi moto pokhudzitsa waya ku mitu yake iwiri kuti aone kuthetheka. Ena amaunika ndi machesi pofuna kuona madzi m'kati mwake. Enanso amagona chipinda chimodzi ndi batire lotchajidwa, zenera lili chitsekere, koloboyi ali pambali. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

1. Ntchito yochotsa dzimbiri ndi magetsi ichitikire panja kapena pakhonde popita mphepo. Ndowa isavindikiridwe. Ngati mukuopa ana ndi ziweto, tchingani malowo ndi mpanda.

2. Zimitsani magetsi kaye, kutali ndi ndowa, ndipo dikirani pang'ono musanakhudze waya aliyense. Polumikiza, yambani ku ndowa nkutsirizira ku magetsi.

3. Pafupi pasakhale mbaula, kandulo, koloboyi kapena munthu wosuta fodya.

4. Musathire mchere wa m'ndiwo m'malo mwa soda. Mchere umatulutsa mpweya wa klorini umene umaononga mapapo.

5. Musagwiritse ntchito supuni kapena mbale ya chitsulo chosachita dzimbiri ku waya wofiira, chifukwa imasiya poizoni m'madzi.

6. Zitsulo ziwiri za m'madzi zisakhudzane. Batire lopanda fyuzi limatenthetsa waya mpaka kuyaka.

7. Mabatire atchajidwe m'chipinda chokhala ndi mipata yotulukira mpweya kumwamba, kufupi ndi denga, osati m'chipinda chogona.

8. Asidi kapena soda akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenaka thamangirani kuchipatala.

MAU OTSIRIZA

Simbi ija tidaitsiriza ndi amalume pansi pa mtengo wa mango, mu ndowa ina yosavindikira. Patatha masiku awiri tidaikwecha ndi burashi, tidaiumitsa pamoto nkuipaka mafuta. Chitseko chake chidatseguka, ndipo agogo adandisitira nayo malaya oyera amene ndidabwerera nawo kuno. Ndowa yong'alukayo ndidalipira ndi ndalama zanga za sopo. Amalume nawonso adaboola mipata iwiri pamwamba pa khoma la kanyumba kawo.

Pa katekisimu tidaphunzira kuti lamulo lachisanu la Mulungu sililetsa kupha kokha, komanso limatilamula kusamala moyo wathu ndi wa anzathu. Ine ndidaika moyo wa mlongo wanga pachiswe, osati chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa chofuna kuoneka wophunzira pamaso pa agogo. Theka la phunziro ndinkalidziwa, theka linalo ndidachita manyazi kufunsa.

Anzanga, tchuthi chikubwerachi tikafika kwathu tiyang'ane kumene batire limakhala, ndipo tikafotokozere makolo mwaulemu za mpweya umenewu. Inunso makolo, mwana akabwera ndi nzeru zatsopano za kusukulu musamuletse, koma mufunseni kuti, "Nanga choopsa chake nchiyani?" Akalephera kuyankha, ayambe wadikira.

Wophunzira wa Fomu 3