Masiku Akatha Munthu Ali Kunja: Mafunso ndi Mayankho

Sabata iliyonse mabasi odzaza amanyamuka ku Blantyre, Lilongwe, Mangochi ndi Mzimba kulowera ku Joni, ku South Africa. Amatulukira pa Mwanza kapena pa Dedza, n'kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare mpaka kukaima pa Beitbridge. Pamenepo aliyense amatsika, pasipoti ili m'manja, ndipo wa imiguleshoni akafunsa za ulendo, ambiri amayankha zofanana: akukaona abale. Chidindo chimagwa, tsiku lotulukira limalembedwa. Tsikulo limawapeza ali pa ganyu ku Randburg, ku Durban kapena ku Cape Town, ndipo limadutsa popanda wowafunsa kanthu. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza zomwe zimayamba tsikulo likadutsa.

Kodi Mmalawi amaloledwa kukhala masiku angati ku South Africa?

Wokhala ndi pasipoti wamba ya Malawi amalowa popanda kufunsira viza, ndipo amapatsidwa masiku osaposa 30. Mawu akuti "osaposa" ndi ofunika, chifukwa wogwira ntchito pachipata angathe kupereka ochepera apo. Chomwe chimagwira ntchito ndi tsiku lolembedwa pachidindo, osati zomwe wanena kondakitala wa basi.

Masikuwo ndi a mlendo. Saloleza munthu kulembedwa ntchito, kaya ya m'nyumba, ya m'maluwa kapena ya m'shopu. Nzika za Zimbabwe zidapatsidwa mapemiti apadera kuyambira mu 2009, za Lesotho nazo zidalandira awo, koma Amalawi sadakhalepo ndi mwayi wotere. N'chifukwa chake ambiri amalowa ngati alendo pomwe mtima uli pa ntchito.

Chimachitika n'chiyani munthu akapyola tsikulo?

Kale nkhani inkathera m'thumba. Wopyola masiku ankalipira chindapusa cha pakati pa R1,000 ndi R3,000, n'kudzalowanso bwinobwino. Zidasintha pa 26 May 2014, pomwe malamulo atsopano pansi pa Immigration Act ya 2002 adayamba kugwira ntchito. Chindapusa chidachotsedwa, m'malo mwake kudabwera chiletso.

Tsopano munthu akafika pachipata chotulukira atapyola masiku, amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dzikomo. Wopyola ndi masiku 30 kapena ochepera amaletsedwa kulowanso kwa miyezi 12. Wobwereza mlanduwo pasanathe miyezi 24 amaletsedwa zaka 2. Wopyola ndi masiku oposa 30 amaletsedwa zaka 5. Choncho mayi amene wachedwa masiku atatu chifukwa basi idaonongeka, ndi mnyamata amene wachedwa masabata anayi chifukwa abwana anali asanamulipire, onse chilango chawo ndi chaka. Mnyamatayo akangoonjezera sabata ina, chasanduka zaka zisanu.

Kukhala m'dzikomo popanda chilolezo ndi mlandunso wa kukhoti. Gawo 49 la lamuloli likuti wopezeka wolakwa angalipitsidwe chindapusa kapena kumangidwa mpaka zaka 2.

Nanga bwanji anthu ambiri amakhala zaka osagwidwa?

N'zoona, alipo amene akhala zaka khumi, amanga nyumba zamalata kwawo, aphunzitsa ana ndi marandi a ku Joni, wapolisi asanawagwirepo dzanja. Nkhani zawo ndi zimene zimamveka kumudzi, ndipo ndi zimene zimakweza ena basi.

Chosanenedwa kawirikawiri n'chakuti munthu wotere amakhala womangika ngakhale sali m'chitokosi. Kulowa kwake kudalembedwa m'kompyuta za unduna wa Home Affairs, kutuluka kwake sikudalembedwe, ndipo mlandu suola. Tsiku lomwe foni idzalira kuti mayi amwalira ku Namwera kapena ku Euthini, amayenera kusankha: kupita kumaliro n'kutsekeredwa kunja zaka zisanu, ntchito ndi katundu zitatsala, kapena kungotumiza ya bokosi n'kulira ali m'chipinda cha lendi. Ambiri amasankha chachiwiri. Umo ndi momwe anthu amasandukira matchona asanaganizepo zotero.

Palinso mtengo wa tsiku ndi tsiku. Wopanda mapepala savuta kumulipira zochepa, poti bwana amadziwa kuti sangakadandaule. Kutsekula akaunti kubanki kumavuta, ndiye ndalama zimagona m'nyumba, ndipo akuba amadziwa zimenezo. Akaberedwa kapena kumenyedwa amaopa kupita kupolisi. Ena amatha gawo la malipiro awo popereka kangachepe kwa aliyense wovala yunifolomu amene wawaimitsa pamsewu.

Kodi kutumiza pasipoti kuti akaidinde pachipata kumathandiza?

Anthu amati "kugula masiku". Mwini wake ali pantchito ku Johannesburg, pasipoti yake yakwera basi, yapita ku Beitbridge, yabwera ili ndi chidindo chotuluka ndi cholowa. Poiona imaoneka yoyera.

Vuto lili pawiri. Loyamba, zidindo zambiri zotere ndi zosema. Wa imiguleshoni sakhulupirira inki yokha, amaika pasipoti pamakina, ndipo ngati kompyuta ilibe mbiri ya kutuluka ndi kulowa kumeneko, chidindocho chimasanduka umboni womutsutsa mwini wake. Lachiwiri, mlandu umakula. Wopyola masiku amaletsedwa kwa nthawi yodziwika, ikatha angathe kulowanso. Koma gawo 29 la lamulo lomweli likuti wopezeka ndi viza, pemiti kapena pasipoti yachinyengo ndi munthu woletsedwa, ndipo chiletso chimenecho chilibe tsiku lothera. Chimachoka pokhapokha mkulu wa Home Affairs atavomera kuchichotsa.

Kuyambira mu April 2023 zipata za South Africa zili m'manja mwa bungwe la Border Management Authority, lomwe limasecha mabasi ndi kulanda mapasipoti oyenda opanda eni ake. Pasipoti ikalandidwa, mwini wake amatsala alibe masiku, alibenso chosonyeza kuti ndi yani. Ena zikafika apa amasankha kuzemba chipata n'kuwoloka Limpopo usiku, komwe kuli ng'ona ndi achifwamba otchedwa magumaguma.

Ndani ali ndi mphamvu yofunsa mapepala, ndipo wogwidwa amapita naye kuti?

Gawo 41 limapereka mphamvuyi kwa wapolisi ndi kwa wa imiguleshoni basi. Magulu ngati Operation Dudula, lomwe lidayambira ku Soweto mu 2021, alibe mphamvu imeneyi, ngakhale amaima pazipata za zipatala n'kumafunsa anthu ziphaso. Wapolisi akakayikira, angathe kusunga munthu mpaka maola 48 pofufuza ngati ali m'dzikomo mololedwa.

Akatsimikiza kuti masiku adatha, njira zimakhala ziwiri: kumuzenga mlandu kukhoti, kapena kumusunga kuti abwezedwe kwawo. Kawirikawiri zimachitika zonse, ndende kaye kenako dipoti. Odikira kubwezedwa amasungidwa ku Lindela, mumzinda wa Krugersdorp, kumadzulo kwa Johannesburg, malo omwe adatsegulidwa mu 1996. Lamulo limalola kusunga munthu masiku 30, ndipo khoti lingaonjezere ena osaposa 90, onse pamodzi 120. Mu 2014 khoti lalikulu lidagamula kuti kusunga anthu ku Lindela kupyola masiku 120 n'kuswa lamulo. Mu June 2017, pa mlandu womwe lidabweretsa bungwe la Lawyers for Human Rights, khoti la malamulo oyendetsera dziko lidalamula kuti wogwidwa azionekera pamaso pa majisitireti pasanathe maola 48.

Kwa Mmalawi kudikira kumatalika, chifukwa ofesi ya kazembe iyenera kutsimikiza kaye kuti ndi nzika, kenako papezeke ndege kapena mabasi odutsa maiko awiri. Amafika kumudzi ndi zovala zomwe adagwidwa nazo. Firiji, bedi ndi malipiro a mwezi womaliza zimatsala.

Kodi wopanda mapepala alibe ufulu uliwonse?

Ali nawo, ngakhale kuupeza n'kovuta. Malamulo aakulu a South Africa amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chamwadzidzidzi kuchipatala. Mu April 2023 khoti lalikulu ku Gauteng lidagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 alandire chithandizo chaulere m'zipatala za boma, kaya ali ndi mapepala kaya alibe. Mu December 2019 khoti la ku Makhanda lidati mwana asachotsedwe sukulu chifukwa chosowa ziphaso. Ndipo kuyambira pa chigamulo cha khoti la za ntchito cha mu 2008, wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo angakadandaule ku CCMA, bungwe loona mikangano ya pantchito, ngakhale pemiti yake itatha.

Bwana naye ali ndi mlandu wake. Wolemba ntchito mlendo akudziwa kuti alibe chilolezo angalipitsidwe chindapusa kapena kumangidwa mpaka chaka pa mlandu woyamba. Zonsezi sizichotsa mlandu wopyola masiku. Zimangotanthauza kuti munthuyo sangachitidwe chilichonse chomwe wina wafuna.

Kukwatira mwini dziko kapena kuberekera mwana komweko kumakonza zinthu?

Osati kokha. Mwana wobadwira ku South Africa kwa makolo onse awiri achilendo satenga unzika pobadwa. Angaufunsire akakwanitsa zaka 18, ngati kubadwa kwake kudalembetsedwa ndipo wakhala m'dzikomo moyo wake wonse. Ukwati nawo supereka mapepala tsiku lomwelo. Lamulo la mu 2014 limaletsa mlendo kusintha viza yake kukhala ya mtundu wina ali m'dzikomo, amayenera kukafunsira kwawo. Mu 2019 khoti lidamasula okwatirana ndi nzika kapena ndi okhazikika m'dzikomo, pamodzi ndi ana awo, ku chiletso chimenechi, koma wofunsira amafunikabe kutero masiku ake asanathe. Ukwati wogula ukaululika umagwera m'gulu la chinyengo lija.

Nanga ku Britain, America ndi maiko ena zimakhala bwanji?

Ku Britain viza ya mlendo nthawi zambiri imalola miyezi 6, ndipo kuipyola ndi mlandu pansi pa lamulo la mu 1971. Wopyola ndi masiku oposa 30 n'kuchoka yekha ndi ndalama zake amaletsedwa kubwerera kwa chaka. Wochotsedwa mokakamiza amaletsedwa zaka 10. Dzikolo limafinya kwambiri kudzera mwa olemba ntchito ndi eni nyumba: kuyambira mu February 2024, wolemba ntchito munthu wopanda chilolezo angalipitsidwe mpaka £45,000 pa wantchito mmodzi, ndi £60,000 akabwereza.

Ku America ambiri amasokonezeka ndi madeti. Deti lapaviza limangonena nthawi yomwe munthu angafike pachipata. Nthawi yokhala m'dzikomo imalembedwa pa chikalata cha I-94. Malinga ndi lamulo la mu 1996, wokhala mosaloledwa masiku oposa 180 n'kutuluka amaletsedwa zaka 3, ndipo wokwanitsa chaka amaletsedwa zaka 10. Ngakhale kupyola ndi tsiku limodzi kumafafaniza viza yomwe adalowera.

M'maiko a Schengen ku Ulaya mlendo amakhala masiku 90 pa masiku 180 aliwonse, ndipo kuyambira pa 12 October 2025 zipata zidayamba kujambula zala ndi nkhope m'malo mongodalira chidindo. Ku United Arab Emirates, komwe amalonda amakonda kukaoda katundu ku Dubai, chindapusa ndi madirham 50 pa tsiku lililonse lopyola.

Kodi wopyola masiku amapweteka yekha?

Ayi. Maiko olemera amawerengera alendo olowa ndi otuluka a dziko lililonse, ndipo zotsatira zake zimagwera omwe sadakwereko ndege. Mu August 2025 boma la America lidayambitsa ndondomeko yoti ofunsira viza ya alendo ndi ya malonda ochokera m'maiko ena azipereka chikole cha $5,000, $10,000 kapena $15,000, chobwezedwa munthu akatuluka pa nthawi yake. Maiko awiri oyamba kuikidwa pa mndandandawo anali Malawi ndi Zambia, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kuchuluka kwa opyola masiku. M'busa woitanidwa ku msonkhano, gogo wofuna kukaona mdzukulu ndi wamalonda wokagula makina, onse adapezeka akufunsidwa ndalama zomwe ambiri sangazipeze.

Amene masiku ake ali pafupi kutha, kapena atha kale, achite chiyani?

Masiku asanathe, njira ndi ziwiri: kutuluka, kapena kufunsira oonjezera kudzera ku maofesi a VFS Global, omwe amalandira mafomu m'malo mwa Home Affairs. Kufunsira kumafuna nthawi, choncho wodikira sabata yomaliza amakhala atachedwa. Lisiti la fomuyo lisungidwe pamodzi ndi pasipoti.

Ngati atha chifukwa cha matenda, ngozi kapena kubedwa kwa pasipoti, umboni ndiwo chida: kalata ya dokotala, mapepala ogonekedwa m'chipatala, lipoti la kupolisi. Wolembedwa kuti ndi wosafunika amapatsidwa kalata pachipata, ndipo ali ndi ufulu wolembera Home Affairs kupempha kuti chiletso chichotsedwe, ataphatikiza kalatayo, masamba a pasipoti ndi umboni wake. Pempholi lipite mwamsanga, poti apilo ili ndi malire a nthawi.

Wotaya pasipoti angapite ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku ofesi ya ku Johannesburg kukatenga chikalata chobwerera kumudzi. Amene wapyola ndi masiku ochepa awerengere bwino, chifukwa kutuluka lisanakwane tsiku la 31 kumasiyanitsa chaka chimodzi ndi zaka zisanu. Wokhala ndi nkhani yovuta, monga ya ana obadwira komweko kapena ya m'bale amene ali ku Lindela, angapemphe uphungu kwa Lawyers for Human Rights, Legal Aid South Africa kapena Scalabrini Centre ku Cape Town. Asanalipire aliyense wolonjeza "kukonza mapepala", afunse kaye ngati ndi loya wolembetsedwa, ndipo pasipoti yake isachoke m'manja mwake.