Chaja yakana: mawu a Chingerezi onenera cholakwa popanda kuyambana

Kasitomala wabweza chaja ya foni yomwe anagula dzulo pa sitolo ina m'tauni ya Mzuzu. Mtsikana wogulitsa, yemwe kwawo amayankhula Chitumbuka, akupita nayo kwa mwini sitolo, Mtchaina. Bwana akufuna kunena kuti chajayo ndi yowonongeka, koma pakamwa pake patuluka mawu akuti "Your fault." Mtsikana uja wamva kuti akumunena iyeyo, nkhope yagwa, ndipo tsiku lonse sakuyankhulana. Chonsecho chajayo inachoka ku fakitale ili yakufa kale.

Zotere sizachilendo mumzindawu. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chinamangidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2007, pomwe Malawi anapalana ubwenzi ndi China, Matchaina ambiri abwera kudzachita malonda ndi ntchito zomanga, monga msewu wa Karonga-Chitipa. Mu 2012 boma linalamula kuti amalonda akunja azigulitsira m'mizinda inayi yokha: Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Choncho kumpoto kuno Mzuzu ndiye malo omwe woyankhula Chitchaina ndi woyankhula Chichewa kapena Chitumbuka amakumana kwambiri, onse atabwereka Chingerezi. Pa moni ndi pa mitengo ya katundu Chingerezi chobwerekachi chimayenda bwino. Chimadzaterera pakachitika cholakwa.

Choyamba: kusiyanitsa chinthu ndi munthu

Asanatsegule pakamwa, wodandaula ayambe wadzifunsa kuti chomwe chavuta ndi katundu kapena munthu. Katundu ali ndi mawu akeake. Defect ndi chilema chomwe chinthu chinachoka nacho ku fakitale, ngati ketulo yosatentha chiigulire. Flaw ndi chilema chaching'ono, ka mng'alu pa mbale kapena ulusi wosokonekera pa chitenje. Damage ndi kuwonongeka komwe kwadza pambuyo pake, mwina katoni itagwa potsitsa m'lole.

Liwu lovuta ndi fault, chifukwa limayenda mbali ziwiri. Anthu a ku Chibavi kapena ku Luwinga mu Mzuzu muno akamati kwachitika fault pa nthambo za magetsi, palibe yemwe walozedwa chala. Koma liwu lomweli likatsatira your, his kapena her, lasanduka mlandu. "The charger is faulty" ndi nkhani ya chaja. "It is your fault" ndi nkhani ya munthu. Kusiyana kwa faulty ndi fault ndi kalembo kamodzi ka y kumapetoko.

Chachiwiri: kuyeza kukula kwa cholakwacho

Chichewa chimakulunga zambiri m'liwu limodzi la kulakwa, ndipo Chitchaina nacho chimachita chimodzimodzi ndi liwu lakuti cuo. Chingerezi chimaika zolakwa pa makwerero.

Pansi penipeni pali slip, kaphonyedwe kakang'ono ka lilime kapena dzanja. Kenako mistake, kulakwitsa kosafuna, monga kubweza chenje choperewera. Error ndi mnzake wa mistake, koma amakonda m'mabuku a ndalama, m'malisiti ndi pa kompyuta. Pamwamba pake pali negligence, kulekerera chomwe munthu amayenera kusamala, monga kusiya stoo yosakiya usiku wonse. Pamwamba pa zonse pali misconduct, kuphwanya malamulo a pantchito, ndipo kukafika pa kuba kapena kumenya munthu amati gross misconduct.

Mawu awiri apamwambawa si oseweretsa, pakuti ndi omwe amalembedwa m'makalata ochenjeza ndi ochotsa ntchito. Gawo 57 la lamulo la Employment Act la 2000 limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso kuti apatsidwe mpata woyankhapo pa zomwe akumunena. Bwana wolemba misconduct pomwe panangochitika mistake akhoza kukazifotokoza ku Industrial Relations Court, khoti loona nkhani za apantchito, lomwe lilinso ndi ofesi ku Mzuzu. Naye wantchito awerenge bwino liwu lomwe lalembedwa asanasaine kalata iliyonse.

Chachitatu: kudziwa mphamvu ya mawu olozera chala

Suspect ndi kuganizira munthu popanda umboni wokwanira. Allege ndi kunena kuti munthu wachita chinthu chomwe sichinatsimikizike, n'chifukwa chake nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times zimalemba alleged mpaka khoti litagamula, monga mmene pa wailesi amanenera kuti "akuganiziridwa kuti anaba." Accuse ndi kumunena munthu mwachindunji kuti ndiye wachita. Blame ndi kumusenzetsa zotsatira zake.

Ambiri mwa mawuwa ali ndi kamnzake koyenda nako, ndipo ndi koyenera kuloweza pamodzi: accuse of, suspect of, koma blame for. Ophunzira okonzekera mayeso a MSCE, omwe satifiketi yake sipezeka munthu akalephera Chingerezi, amapunthwa pomwepa kawirikawiri.

Palinso responsible, liwu lomwe limatha kukweza munthu kapena kumugwetsa. "She is responsible for the stock" akutanthauza kuti katundu ali m'manja mwake, ndi udindo. "She is responsible for the loss" akutanthauza kuti katundu wasowa chifukwa cha iyeyo. Wofuna kungodziwa woyang'anira afunse kuti "Who is in charge?" ndipo palibe yemwe adzanjenjemere.

Chachinayi: kudzudzula ntchito, kusiya mwini wake

Chichewa chimasiyanitsa bwino kulangiza, kudzudzula, kukalipira ndi kunyoza. Chingerezi chili ndi advise, criticise, scold ndi insult, motsatana chomwecho. M'maofesi amakondanso feedback, ndemanga yofuna kukonza zinthu, yomwe imatha kukhala yoyamikira kapena yodzudzula. Complaint ndi dandaulo, ndipo nthawi zambiri limachokera kwa kasitomala.

Njira yake ndi yakuti chiganizo chiyambe ndi ntchitoyo. "This receipt has an error" amamveka mopepuka kuposa "You are careless." Mawu monga lazy, useless ndi stupid amanena za chibadwa cha munthu, ndipo kwa Mmalawi amamveka ngati chipongwe ngakhale wonenayo atawatola mu dikishonale mosadziwa kulemera kwake. Liwu la problem nalo limafuna kusamala. Pa Chitchaina wenti amatanthauza vuto komanso funso, motero Mtchaina wonena kuti "You have problem?" mwina akungofunsa ngati wina ali ndi funso. Kwa womvera zimamveka ngati kuputa ndewu.

Pa malo odzudzulirapo mbali zonse zimagwirizana. Matchaina amalemekeza chomwe amachitcha mianzi, nkhope ya munthu pamaso pa anzake, ndipo Amalawi amadziwa kale kuti munthu wamkulu amamukokera pambali. Nkhani ya chenje choperewera ikambidwe kuseri, makasitomala asakumva.

Chachisanu: kusamala ndi sorry

Munthu akapunthwa pa msika wa Taifa ku Mzuzu, omuzungulira onse amati "pepani," kapena "phepani" pa Chitumbuka, ngakhale mwalawo sanauike ndi iwo. Chizolowezichi chimalowa m'Chingerezi cha kuno, moti katoni ikagwa m'manja mwa bwana, wantchito amafulumira kunena kuti "Sorry, sorry." Pa Chitchaina duibuqi ndi kupepesa kwa munthu wolakwa, choncho bwana akhoza kumva ngati wantchitoyo wavomera mlandu.

Mankhwala ake ndi kumaliza chiganizo. Womvera chisoni anene kuti "I am sorry this happened." Wovomera kulakwa anene kuti "I apologise, it was my mistake." Yemwe sanalakwe koma akufuna kuthandiza akhoza kunena kuti "It was not my mistake, but I will help."

Chachisanu ndi chimodzi: he, she, yes ndi no

Apa ziyankhulo ziwirizi zimapunthwa pa chitsa chimodzi. Chichewa chimangoti iye, mwamuna kapena mkazi, ndipo pa Chitchaina choyankhula onse ndi ta. N'chifukwa chake he ndi she amasinthana mosavuta pakamwa pa onse awiri. Pocheza palibe kanthu, koma ngati m'sitolo muli mnyamata mmodzi ndi mtsikana mmodzi, "He took the money" wolakwika amagwetsa mlandu pa wosalakwa. Pa nkhani zotere ndi bwino kutchula dzina kapena udindo.

Funso lokana nalo lili ndi msampha. Mchewa akafunsidwa kuti "Simunatenge?" amayankha kuti "Inde," kutanthauza kuti sanatengedi, ndipo Mtchaina amayankhanso motero. Chingerezi chimafuna no pamenepo. Yankho la yes lokha likalembedwa mu lipoti, woliwerenga ku ofesi ya zantchito amva kuti munthuyo wavomera. Woyankha anene chiganizo chonse: "No, I did not take it."

Chomaliza: kulemba zomwe zachitika

Nkhani ikakula, ilembedwe m'ziganizo zitatu: chomwe chachitika ndi tsiku lake, chomwe chinayambitsa ngati chikudziwika, ndi chomwe chichitike tsopano. Liwu lomwe mmodzi sakulimva lifotokozedwe m'chiyankhulo chake, kaya ndi mnzake wa pantchito kaya ndi pulogalamu yomasulira ya pa foni, onse asanaike siginecha.

Pa chaja ija, kapepala kake kangakhale kotere: "The customer returned the charger on Tuesday. It is faulty. We will replace it." Dzina la mtsikana wogulitsa silikupezekamo, ndipo kasitomala akutuluka ndi chaja yatsopano, atayamba wayiyesa pa soketi ya pa kauntala.